Diresi la Mkwatibwi Linapita ndi Makina

Inu amene mtima umagunda foni ikalira chifukwa cha ngongole, imvani za mayi wina wosoka zovala.

Tsiku limene anyamata otolera ngongole anafika, mayiyu anali kusoka diresi la mkwatibwi. Sanaodire n'komwe. Mmodzi, wamtali wovala tayi, anaima pakhomo n'kumakuwa kuti msewu wonse umve kuti muno muli wakuba. Mnzake ananyamula makina osokera, diresi lija lili pansi pa singano, n'kukaponya m'galimoto.

Mayiyu anatsala ndi mpando, sizasi ndi tepi m'khosi.

Ngongoleyo inalipodi. Anaitenga kukampani yobwereketsa ndalama mwamuna wake akudwala, ndipo mwamunayo anamwalirabe. Koma kodi kukongola ndi kuba? Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anthuwa anali ataimbira kale apongozi ake, abusa ake, ngakhale makasitomala, kuwauza za ngongoleyo. Iye ankangoti pepani, poganiza kuti wangongole alibe pakamwa.

Kenako kunatulukira azakhali a mkwatibwi, mayi wa mawu ngati wailesi ya m'basi. Atamva kuti diresi lapita sanafune kumva zambiri. Anamukoka dzanja wosoka uja mpaka ku ofesi yothandiza anthu pa milandu, ati akamusumire.

Loya wa kumeneko anamvetsera zonse, kenako anayang'ana wosoka uja.

"Anakuonetsani chilolezo cha khoti chotengera katundu?"

"Chilolezo chanjinso? Ine ndimayesa poti ndili ndi ngongole, basi."

Loyayo anamuuza mosapsatira kuti ngongole iyenera kubwezedwa, koma wotolera ngongole si khoti. Lamulo silimulola kulanda katundu mwa yekha, kutukwana, kuopseza, kapena kulengeza ngongole ya munthu kwa anthu ena. Nanga diresi la eni ake analitengeranji? Pomwepo mkwiyo wa azakhali unakhota n'kulunjika kukampani, ndipo anadzipereka okha kukhala mboni.

Mlandu unachedwa, monga mukudziwa mmene milandu imayendera, koma ukwati sukanadikira. Azakhali anagula nsalu ina, mayi uja n'kusoka diresi lonse pamanja mpaka zala kutupa. Mkwatibwi anavala, anthu n'kululutira.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Mayiyu ankasoka zigamba pakhonde, n'kumakapereka ndalama pang'onopang'ono kukampani komweko. Watayi uja ankaimbabe foni, lero kuopseza, mawa kunyengerera kuti athetse mlandu. Anansi nawo ankamuuza kuti wosauka sapambana mlandu, angosiya. Mayiyu anali atatopa ndi kupepesa anthu amene anamuchitira chipongwe, ndipo sanaphonye tsiku la kukhoti.

Pomaliza khoti linalamula kuti katundu abwezedwe. Akampani, manyazi atawagwira, anati akatenge yekha mwakachetechete kumene amasungira katundu. Mayiyu anakana.

"Makinawo munawatenga masana anthu akuona. Muwabweze masana, pomwe munawapeza."

Anabweradi. Watayi uja ndiye ananyamula makina paphewa, thukuta lili kamukamu, msewu wonse uli pamakomo. Azakhali anali pomwepo, kumulozera poika ngati akulamula bulu. Munthu amene anakuwa kuti muno muli wakuba analowa ataweramitsa mutu, atanyamula katundu wolanda.

Diresi loyamba lija linabwera lili ndi mafuta okhaokha. Mayiyu sanalichape. Analipachika pakhoma, ndipo lero, pamene ali ndi shopu yakeyake ndi atsikana owaphunzitsa kusoka, aliyense wofunsa za diresilo amauzidwa nkhani yonse. Ngongole ija anaimaliza ndi makina omwewo.

Ndiye inu amene mukubisala kuseri kwa chitseko, tulukani. Ngongole bwezani, koma ulemu wanu simunauike chikole. Wobwera kudzakulandani katundu mufunseni chilolezo cha khoti, ndipo akakutukwanani kamunenezeni. Osataya mtima, komanso osapepesa munthu amene akukuponderani ufulu.