Manda a ku Delhi ndi kakapu ka dothi

Ndinanyamuka kwathu ku Matero, mu Lusaka, Lachisanu m'mawa nditavala suti ya pa ukwati wanga, popeza ina ndinalibe. Pa sitolo ya pamsika anthu anali atandanda kale kudikira sopo ndi mafuta ophikira, osadziwa ngati zibwera. Fakitale ya mabulangete imene ndinkagwirako ntchito inandituma ku India milungu iwiri kukaphunzira makina atsopano, makina amene tonse tinkadziwa kuti sadzagulidwa. Ndinavomera msanga pa chifukwa changachanga. Mwezi umenewo chinkakwana chaka chimwalirireni mkazi wanga Esinati, ndipo chimuikireni ndinali ndisanapondeko ku manda a ku Chunga.

Apongozi anga, mayi a Esinati, amene mwaulemu ankanditcha "batata" ngati bambo wawo, anachokera ku Kanyama kudzatsanzikana nane. Anandikonza kolala, nati, "Muyende bwino, batata. Mauzu kuja yakula, koma tizakuyembekezani." Ine ndinawayankha za nthawi ya ndege.

Tinadzera ku Bombay, kenako Delhi. Za makina sindinenapo. Tsiku lopuma linali limodzi lokha, Lamlungu, ndipo m'mawa mwake ndinapangana ndi bambo wina wa ndevu zoyera, woyendetsa njinga yamoto ya mawilo atatu, kuti andizungulitse mzinda tsiku lonse pa marupi zana limodzi. Ndinamuuza m'Chingerezi changa cha ku koleji kuti ndikufuna malo osangalatsa okhaokha.

Tinayambira ku linga lofiira la mafumu akale, la makoma aatali moti khosi linandiwawa. Ena ankajambulitsa, ine ndinkawerenga chikwangwani chilichonse ngati mawa kuli mayeso. Pa mzikiti waukulu chapafupi anatiuza kuvula nsapato. Chala changa chachikulu chinatulukira pa sokosi ya kumanja n'kumayang'ana mzinda chisanandipemphe. Amene ankazisoka kulibe. Ndinayenda bwalo lonselo phazi lina litaponda linzake, suti ili pathupi.

Masana tinalowa m'timisewu topanikiza, momwe ng'ombe, njinga ndi anthu zimapatsana njira popanda wokalipa. Ndinadya mkate wokazinga ndi nyemba za tchana za tsabola woti misozi inatuluka, ndipo ndinathokoza kuti pali chonamizira. Tiyi wa mkaka anali wa rupi imodzi, m'kakapu ka dothi. Aliyense akamaliza kumwa ankakaponya pansi, phwa. Ine wochokera kumene chitini cha majarini chimasungidwa mpaka dzimbiri, ndinapukuta kanga n'kukakulunga m'mpango. Wogulitsa tiyiyo anaitana anzake kuti adzandione.

Cha m'ma thu koloko tinafika pa munda wa mitengo ndi udzu wometa bwino, pakati pake pali nyumba zamiyala za madenga ozungulira. Ndinafunsa kuti ndi nyumba za yani. Woyendetsa uja anati ndi manda. Tinapita pena, ndinafunsanso, anati manda. Malo achitatu sindinafunse. Ndinali nditawoloka nyanja kuthawa manda amodzi, ndipo tsopano ndinkalipira munthu kuti andionetse manda a eni ake, ena ndi ena, mwadongosolo.

Aakulu kuposa onse tinawafika dzuwa litapendeka. Ndi nyumba ya miyala yofiira, denga loyera mbee, ngalande za madzi zikudutsa m'munda mbali zonse. Kwathu kumanda sitipitako popanda chifukwa, sitidyerako, sitisekerako. Choncho ndinavula chipewa, manja kumbuyo, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati ndili pambuyo pa bokosi. Aliyense wokumana naye ndinkamuweramira. Koma pa udzu mabanja anali atayala nsalu akudya, anyamata ndi atsikana akujambulana, agogo ena ali mtulo pamthunzi. Wamaliro m'munda monsemo ndinali ine ndekha, ndipo malirowo sanali anga.

M'kati munali mozizira. Pakati pa chipinda panali mwala woyera, wautali ngati munthu wogona. Sindinakonzekere kugwada, ndinangopezeka ndagwada. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yotani. Mlonda wina wovala yunifomu yofwifwa anandigwira paphewa n'kundifotokozera mwaulemu kuti m'mwalamo mulibe munthu, ndi wa alendo chabe, mfumu imene anaimangira mandawo inagona m'chipinda chapansi. Anawonjeza kuti nyumba yonseyo anamangitsa ndi mkazi wake wamasiye. Kenako anandiyang'ana suti ndi mawondo, n'kufunsa akumwetulira ngati mfumuyo inali mbale wanga.

"Ayi," ndinatero. "Wanga ali ku Chunga."

Anagwedeza mutu ngati Chunga amakudziwa bwino. Chaka chathunthu ndinali ndisananene mawu amenewo kwa munthu aliyense, ndipo ndinakawanena kwa mlonda, nditagwadira mwala wopanda kanthu.

Potuluka ndinayang'ana uku ndi uku kufuna beseni la madzi osamba m'manja, monga timachitira pochokera kumanda. Panalibe. Ndinagwada pa ngalande n'kusamba momwemo. Woyendetsa uja anandiyang'anitsitsa, kenako nayenso anagwada n'kusamba, kuti mlendo wake asachite manyazi yekha.

Ndinafika ku Lusaka Loweruka m'mawa. Mzere wa sopo unalipobe. Ndinasiya chikwama ku Matero osachimasula, n'kukwera basi ya ku Kanyama. Apongozi ndinawapeza akuchapa. Anafunsa kuti ku India ndinaonako chiyani.

"Manda, amayi."

Anafinya nsalu, naiyanika, nati, "Munaenda kutali, batata." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makasu awiri. Anali onoledwa kale.

Ku Chunga tinasokera kawiri, ndipo wotsogolera anali iwo. Udzu unali wofika m'chiuno, kachitsulo kolembedwa dzina kali kopendekeka. Palibe denga loyera, palibe ngalande, ngakhale thumba limodzi la simenti sindinalikwanitse. Koma pano, mosiyana ndi mwala wa ku Delhi, munthu alipo. Tinalambula mpaka matuza anatuluka m'manja anga a ku koleji. Nditawongola kachitsuloko ndinamasula mpango, n'kuika kakapu kaja kumutu. Apongozi anakatola, anakatembenuza, anakagogoda ndi chala. Ndinawauza kuti ku Delhi amatitaya akamaliza kumwa tiyi.

"Aka sembe Esinati sanataye," anatero, n'kukabwezera pomwepo.