Ndinagula Nyumba ya Nkhufi Chifukwa cha Ulemu

Inu owerenga, ine ndinagula nyumba osalowa kuchipinda kwake. Ndikamafotokoza lero ena amaseka, amati ngakhale wogula mphika amayamba waugogoda. Ine sindiseka nawo, chifukwa amene analipira kupusa kwangako ndi mwana wanga Luka, amene panthawiyo anali asanayambe n'komwe sukulu.

Nkhondo yachiwiri itangotha, amuna anga anali ku Wanki, kumigodi ya malasha. Ine ndi Luka tinkakhala kwa mayi anga ku Mbungo, m'nyumba yodzaza ngati bwato la usipa, azing'ono anga ndi ana awo onse momwemo. Tsiku lina mnzawo wa amuna anga anatsika sitima ya panyanja ku Chipyela atanditengera ndalama ndi mawu akuti ndipeze nyumba ya njerwa, iwo akabwera asadzafikirenso kwa apongozi. Ndinanyada, ndisaname. Ndinkayenda ngati pansi pano ndaponda ndekha.

Mawuwo asanazizire, ndinaitanidwa ndi amayi Fibe. Amenewa ndi amene anandinyamula pa ubatizo, ndiponso ndi amene anandilanga pokalowa m'banja. Kwathu munthu wotere sumutchula dzina, umangoti amayi, ndipo amuna awo, a Yakobo, ndinkawati atate. Anandiuza kuti miyendo ya atate yayamba kuvuta, choncho akusamukira ku Khuyu kwa mwana wawo wamkazi, ndipo sakufuna kuti nyumba yawo ipite kwa mlendo. Nyumbayo ndinkaidziwa kunja kokha: maziko amiyala, chitseko cha matabwa, mlambe waukulu kuseri.

Achimwene anga atamva anasiya kusoka khoka lawo la nsomba nandiitana. Anati ndisapereke kanthu ndisanaone m'kati monse. Ndikagogode mitanda ya denga ngati mulibe chiswe, ndikafunyulule mphasa, ndikakande pansi ndi kamtengo makamaka kuchipinda, ndikafunsenso oyandikana nawo. Anadzipereka kuti apite nane. Ine ndinawakalipira. Ndinati kusuzumira kuchipinda kwa amayi a ubatizo n'chimodzimodzi kuwavula pagulu, ndipo ine sindinaleredwe choncho. Iwo anangoti, "Chabwino mlongo, koma ugonamo ndiwe," nabwerera ku khoka lawo.

Tsiku lokaona nyumba ndinapita ndekha, nditavala nsalu ya ku Misa. Pabalaza panali poziridwa chatsopano ndi dothi lakuda, posalala mpaka kunyezimira. Makoma anali oyera ndi njereza. Munkamveka fungo la utsi wa masamba aawisi, ine n'kumati akuthamangitsa udzudzu. Podutsa pakhomo la khitchini ndinaona mphasa zogonera zitapindidwa pakona, ndinati mwina akuthawa kutentha kwa mu Okotobala. Taonani inu, mkazi wodziwa kuzira ngati ine, sindinadzifunse kuti munthu amene akusamuka akuvutikiranji kuzira nyumba mpaka m'mphepete mwa makoma.

Pakhomo la kuchipinda panali pakulendewera nsalu. Amayi Fibe anandipatsa tiyi ndi chinangwa chophika, kenaka analoza nsaluyo akumwetulira. "Kapena ufuna ulowe kuchipinda kwa atate ako, mwanangu? Lowa ndithu, ukaone." Ine ndinagwada, nkhope ili pansi, ndinati, "Iyayi amayi, ndingatero bwanji?" Ndinamasula ndalama pansonga ya nsalu yanga ndi kupereka ndi manja awiri. Ndinathokozanso, inu.

Masabata oyamba zonse zinali bwino. Ine ndinkagona pakama yomwe amuna anga anasiya, Luka pamphasa pambali panga. Anzanga ankabwera kudzaona nyumba, ine n'kumawayendetsa ngati mkazi wa mphunzitsi. Koma dzuwa litakula, dothi lozira lija linayamba kuchita ming'alu. Luka anayamba kudzuka ndi timadontho tofiira moderapo m'miyendo ndi m'nthiti. Ndinati ndi udzudzu. Kenaka thupi linatentha, mwana kumanjenjemera, kumalira mutu, kusanza chilichonse. Patapita masiku anachira, nayamba kuthamangitsa nkhuku panja. Ndisanamalize kuthokoza Mulungu, malungo aja anabweranso, oposa poyamba. Anachokanso, anabweranso. Mwana wonenepa uja anatsala mutu wokha.

Ndinamubereka kumka naye kuchipatala ku Chipyela, njira yamiyala ija, iye akubuula kumsana kwanga. Bambo wothandiza adokotala anamutenga magazi pachala, anayang'ana timadontho tija, nandifunsa kuti mwanayu amagona pati. Nditayankha, anati awa ndi malungo a nkhufi. Nkhufi, kwa inu amene simunazionepo, ndi tizilombo tonga nkhupakupa, tobisala m'fumbi ndi m'ming'alu ya pansi m'nyumba. Timatuluka munthu akagona, kuyamwa magazi, n'kubwerera. Anamugoneka Luka, ine anandiuza kuti ndikakande pansi kunyumba ndikaone.

Ndinasiya mwana ndi mayi anga, ndinapita kunyumba ija dzuwa lili pamutu, khasu m'manja. Ndinachotsa mphasa ya Luka ndi kutema kamodzi. Dothi lozira lija linafundukuka ngati chikhokho cha mumphika. Pansi pake panali lina lakale, pansi pa ilo linanso, pakatipakati phulusa. Anthu aja anakhala akuzira pamwamba pa zinthu zimenezi zaka ndi zaka. Ndipo fumbi lija linkayenda, inu. Nkhufi zotuwa, zamakwinya, zina zazing'ono ngati mapira, zina zotupa ngati nsatsi, zikukwerana, zikuthawa kuwala. Ndinaponda imodzi ndi chala cha kuphazi, inaphulika magazi akuda. Ndinadziwa kuti magazi amenewo ndi a mwana wanga.

Ndinathamangira panja n'kusanza patsinde pa mlambe mpaka m'mimba munauma. Ndinkadzikanda thupi lonse ngakhale panalibe chondiluma. Nditalimba mtima ndinabwerera, ndinatema pabalaza pomwe ndinagwada ndi kumwa tiyi paja, zinali momwemo. M'munsi mwa makoma, kuseri kwa njereza, momwemo. Mpaka lero ndikaona nsatsi zitayanikidwa pamkeka malovu amandidzaza m'kamwa.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana anandipeza nditakhala pamwala. Nditamuonetsa, sanadabwe. Anati mudzi wonse unkadziwa kuti adzukulu a amayi Fibe ankadwaladwala m'nyumba imeneyo, ndipo eni akewo anatha chaka akugona m'khitchini. Nditamufunsa chifukwa chomwe sanandiuzire, anati, "Nanga mwana ndi amake, ife tilowererepo bwanji? Tinkayesa mukudziwa." Ndinali ndisanamufunse kanthu mayi ameneyo ndisanagule, chonsecho tinkatunga madzi padooko limodzi kunyanja.

M'mawa mwake ndinayenda mpaka ku Khuyu, nkhufi zingapo nditazikulunga m'tsamba. Ndinapeza amayi Fibe akusenda chinangwa chovuula. Ndinagwada monga mwa masiku onse, miyendo inangochita yokha, ndinamasula tsamba lija patsogolo pawo. Ndinkayembekeza kuti alira kapena apepesa. Anayang'ana, anakankha tsambalo ndi mpeni, nati, "Kodi sindinakuuze kuti ulowe? Unakana wekha."

Zinali zoona. Anadziwa kuti mwana amene anamulanga okha sangakweze nsalu ija. Kenaka anatsitsa mawu ngati akundilangiza za m'banja. "Usalire, mwanangu. Kazire bwinobwino, upake njereza. Anyamata a ku Joni akubwera ambiri ofuna nyumba."

Inu owerenga, nkhufi zinandinyansa, koma mawu amenewo anandinyansa koposa. Manja omwe anandinyamula pamadzi a ubatizo ankandiphunzitsa kuika mwana wa munthu wina pamphasa imeneyo. Ndinadzuka osatsanzika, koyamba m'moyo wanga.

Ndinayesa madzi owira, ndinayesa kusonkha moto pansi, koma zinali zitalowa mpaka m'njerwa. Pomaliza achimwene anazula chitseko, tinachiviika m'nyanja, ndipo tinagwetsera denga m'kati n'kuyatsa. Sananene kuti ndinakuuza. Ndikanakonda akanandinyoza, mwina mtima ukanapepuka.

Luka anachira, koma osati yense. Amuna anga atatsika sitima anapeza makoma akuda ndi mwaye, mkazi wawo ali kwa apongozi komwe ankakukana kuja. Ndinawafotokozera zonse, ndikudikira ukali wawo. Sananene za ndalama. Anafunsa za mwana. Luka anali chapafupi, atatifulatira, akusewera ndi zigoba za nkhono. Bambo ake anamuitana kuchokera kumanzere, sanacheuke. Anaitananso mokweza, mwana ali phee ndi zigoba zake. Malungo aja anali atamutseka khutu limenelo. Amuna anga anakhala pansi pamchenga, suti yawo yatsopano ili m'thupi, nagwira kumaso.

Choncho ndikukupemphani, mukafuna kugula nyumba musaone njereza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani munthu wodziwa, amene alibe manyazi ndi mwini nyumbayo, alowe chipinda chilichonse. Funyululani mphasa, kandani pansi, gogodani mitanda. Mukaona poziridwa chatsopano funsani kuti pansi pake pali chiyani, ndipo mukaona eni nyumba akugona m'khitchini funsani chifukwa chake. Funsaninso oyandikana nawo, pakuti anthu sayamba okha kunena. Wogulitsa akakhala mbale wanu kapena wa mumpingo mwanu, pamenepo ndiye onetsetsani kawiri, chifukwa iye akudziwa malo amene ulemu wanu sungafike.

Luka ndi bambo tsopano, ali ndi ana ake. Tikamapita ku Misa ndimayenda kudzanja lake lamanja kuti andimve. Nthawi zina ndimaiwala, ndimalankhula njira yonse ndili kumanzere, iye osayankha, ndipo ndimakumbukira nsalu ija yomwe ndinaopa kuikweza.