Kabokosi ka Basela

Pamsika wa Loweruka m'tauni yathu ku Ohio, malo anga ndi oyandikana ndi a Mayi Lorraine Pruitt. Ine ndimagulitsa mondokwa, iwo sagulitsa kanthu. Chaka chimene ndinayamba geni zinkandizunguza mutu. Munthu angalawirire bwanji, kuyala nsalu patebulo, kusanja katundu, n'kukhala mpaka masana popanda kasitomala?

Katundu wawo anali timapepala tochenjeza za mowa ndi mapiritsi ozunguza bongo, komanso timabokosi toyera. M'timabokosimo munali mankhwala opopera m'mphuno, otsitsimutsa munthu amene wakomoka ndi mapiritsiwo podikira ambulansi. Zonse zaulere. Koma maso anga amawerenga okha katundu wa anzanga, ndipo ndinkaona kuti timabokosi tobwera m'mawa ndi tomwe tinkabwerera kunyumba.

Mayi Pruitt anayendetsa basi ya ana a sukulu mpaka imvi zitati mbuu. Theka la tauniyi linakulira m'basi imeneyo, ine ndemwe. Mwana wawo Dustin anavulala msana podula mitengo, nayamba mapiritsi opha ululu, n'kulephera kuwasiya. Anamupeza atauma m'galimoto kuseri kwa sitolo. Kuyambira pamenepo mayiwa analowa m'kagulu ka makolo kochenjeza anthu, ndipo tebulo lapamsika linakhala lawo.

"Mayi Pruitt, mukanakhala wantchito wanga ndikanakuchotsani kalekale," ndinawaputa tsiku lina. "Zaulere n'kukanika kutha?"

"Iwe Renata, unkalira m'basi mwanga mamina ali chuchuchu. Lero ukundiphunzitsa malonda?"

"Ndangofunsa, mayi. Chikuvuta n'chiyani?"

"Maso uli nawo. Tayang'ana."

Ndinayang'anadi. Anthu ankalambalala tebulolo ngati chithaphwi. Kuno aliyense amadziwa galimoto ya mnzake, ndiye kutola kabokosi pagulu kunali ngati kulengeza kuti kwanu kuli womwa mapiritsi.

Posakhalitsa panadutsa Mayi Marcy Tuttle, otsogolera kwaya kutchalitchi, khosi lili njo, osapereka moni. Mayi Pruitt anawatsata ndi maso mpaka pachipata.

"Mwana wawo Wade ankakhala mpando wakumbuyo ndi Dustin," anandiuza motsitsa mawu. "Zimene akumwa ndikuzidziwa, mayi akewo akuzidziwanso. Ndinayesapo kuwapatsa kabokosi, anangoti kwawo kulibe zimenezo. Moni anathera pomwepo. Ine ndikungofuna kabokosi kamodzi kalowe m'nyumba imene ija, asanamupeze ngati wanga uja."

Sabata yonse nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Katundu wabwino akamakanika kuyenda, vuto limakhala kagulitsidwe. Yankho ndinalipeza ndikulongedza mondokwa. Kwathu kuno wogula dazeni amalandira chimanga chakhumi n'chitatu cha basela. Wogulitsa wosaika amatchedwa waumbombo mpaka kumanda, ndipo sindinaonepo wogula akubweza.

"Ndipatseni katoni yonse," ndinatero Loweruka lotsatira. "Lero basela ndi ziwiri, chimanga ndi kabokosi. Thumba lililonse, osasankha nkhope."

"Uthawitsa makasitomala, mwana iwe."

"Mondokwa wanga salola munthu kuthawa."

Abusa analandira, wapolisi analandira. Bambo Haskins, nkhalamba yoweta njuchi, anakatembenuza kabokosiko n'kufunsa, "Aka ndiwotche kapena ndiphike?"

"Kaikeni m'galimoto, agogo, pafupi ndi tochi. Mwina mudzadzutsa mwana wa mnzanu."

Mayi Tuttle anabwera msika utadzaza. Atasuzumira m'thumba mwawo, nkhope inauma.

"Ichi n'chiyani?"

"Basela, mayi. Aliyense akulandira."

Anayang'ana uku ndi uku. Mkazi wa abusa anali atanyamula kake poyera, akukambirana ndi mnzake za mtengo wa tomato. Mayi Tuttle anamanga thumba lawo n'kumapita, milomo ili phwii. Msika utatha ndinaona Mayi Pruitt akusuzumira m'bini yapachipata. Munalibe kabokosi, koma mabini m'tauni muno ndi ambiri.

Tinapitiriza mpaka mondokwa atatha. Mayi Tuttle anasiya kubwera, ndipo kwaya inkaimba popanda iwo. Mayi Pruitt sankafunsa munthu aliyense. Ankangoti akamva kulira kwa ambulansi, dzanja limaima pamene lili.

Masamba a mitengo atayamba kuyoyoka ndinasintha katundu, ndinabweretsa maungu. M'mawa wina wozizira ndinangoona Mayi Tuttle aima patsogolo panga. Pambuyo pawo panali Wade, wowonda ngati bango, chipewa chitatsikira m'maso. Anasankha dzungu lalikulu n'kumusenzetsa.

"Renata," anatero osandiyang'ana, "kodi maungu alibe basela? Kaja kanagwira ntchito. M'nyumba mulibenso kena."

Ndinawerama kuti nditenge m'katoni pansi pa tebulo, koma anandigwira mkono.

"Siya. Ndikatenga ndekha."

Anayenda molunjika, msika wonse ukuona, n'kukaima patebulo limene aliyense ankalilambalala. Anatola timabokosi tiwiri ndi kapepala ka masiku a msonkhano wa makolo. Mayi Pruitt anangowagwedezera mutu. Maso awo anali pa mnyamata amene anatsalira kutali atakumbatira dzungu.

"Iwe Wade!" anakuwa ndi mawu aja a m'basi. "Zokhala kumbuyo zinatha. Tabwera kutsogolo kuno ndikuone bwino."