Mzungu Amene Anandimeta Maliro

"Usagwedeze mutu, iwe," anatero. Lumo linali kale kuseri kwa khutu langa.

Ndinali pampando wa m'khitchini, kuseri kwa nyumba yake ku Arlington, ku Amereka, thaulo lili m'khosi. Kunkazizira. Tsitsi linkagwera pa nyuzipepala imene ndinayala pansi. Wondimetayo anali bwana wanga, mzungu wa ku Mangalande, wolemba mabuku ndi masewero. Ndinali nditamuphikira ndi kumuyendetsa pa galimoto zaka makumi awiri.

Kalata inali itafika dzulo lake. Analemba ndi mlamu wanga. Mkazi wanga anamwalira, anamuika, abale anameta kale. Panali patadutsa masabata atatu. Kwathu maliro akatha timameta, ndipo munthu sadzimeta yekha. Pamafunika dzanja la wina. Amalawi analipo, ophunzira a ku Greenbelt, koma masiku amenewo tinkaopana. Boma la kwathu linali ndi akazitape, ndiye sunkadziwa kuti mawu ako akathera m'khutu la yani. Komanso anali anthu a sukulu ndi a tchalitchi. Ine wa Sitandade 5 ndikanayambira pati kuwapempha zometa? Ndiye ndinapempha iyeyo.

Ndinakumana naye ku Zomba, ulamuliro wa azungu utatsala pang'ono kutha. Anabwera kudzalemba buku la za ife. Nthawi imeneyo dzina lake linali lalikulu. Masewero ake ankadzaza maholo a ku London miyezi yathunthu. Pobwerera kwawo ananditenga, ndipo kumeneko ndinaona dzinalo likufota. Kunabwera achinyamata ndi masewero awo aukali. A nyuzipepala anayamba kulemba kuti ake ndi a nkhalamba. Lomaliza analitseka lisanathe sabata. Yunivesite ina ya ku Washington itamuitana kuti azikaphunzitsa, anavomera tsiku lomwelo. Ananditenganso. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali m'dzina lake, pasipoti yanga m'kabati yake.

Ankalemba chiimire, ndi pensulo, kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ine ndinkasongola mapensulo khumi ndi awiri tsiku lililonse. Ku Arlington ndinkawapeza madzulo akadali akuthwa. Zaka zinayi sanalembe kanthu. Ankatukwana ophunzira ake, khofi wa ku Amereka, ndi ine. Imvi zinali zitandiyamba koma kwa iye ndinali "iwe" basi.

Tsiku lometalo dzanja lake linali lofatsa. Sanandicheke. Ankafunsa motsitsa mawu, m'Chinyanja chake chophotchoka cha m'khitchini.

"Anali wotani, mkazi wako?"

Ndinayang'ana tsitsi pa nyuzipepala.

"Nena. Tili awiri pano."

Panali patapita zaka popanda munthu wondifunsa kanthu za ine. Ndinanena. Ndinati ndinamuona komaliza zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndinati nditawerenga kalatayo ndinayesa kulira koma misozi inakana, ndiye ndinatenthetsa nyemba n'kudya poto yense. Kenako ndinanena chimene ndikanayenera kufa nacho.

"Bwana, nkhope yake ndaiwala. Ndikatsinzina ndimangoona duku."

Lumo linaima pang'ono. Kenako linapitiriza.

Atamaliza anandigwira paphewa. Tsitsilo ndinakalikwirira patsinde pa mtengo, ndikudziuza kuti munthuyu ndamuganizira zoipa pachabe zaka zonsezi. Mawa lake madzulo mapensulo onse khumi ndi awiri anali atabuntha.

Analemba nyengo yonse yozizira. Anasiya kutukwana. Ankaimba likhweru posamba. Kunkabwera mayi wina kudzatayipa mapepala, ine n'kumawapangira tiyi. Ndinkasangalala naye, chitsiru ine.

Chaka chitazungulira ndinakumana ndi aphunzitsi ena a ku Greenbelt m'sitolo yogulitsa nsomba zouma. Ankachita maphunziro apamwamba. Akazi awo anali a mudzi woyandikana ndi kwa mkazi wanga, ndipo mng'ono wa mayiwo ankaimba kwaya limodzi ndi mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye.

"Achimwene, mwatchukatu," anatero aphunzitsiwo. "Bwana wanu watitumizira matikiti aulere, Amalawi tonse. Akuti sewero latsopanoli ndi la wantchito wa kwathu woferedwa mkazi. Si inu amenewo?"

"Kaya," ndinatero.

Poperekeza bwana kumene ankakonzekera sewerolo ndinkadikira m'galimoto. Tsiku lotsatira ndinalowa. Inali holo yaing'ono, yonunkha fumbi, yosafanana n'komwe ndi za ku London. Pasiteji panali mpando wa m'khitchini. Panakhala munthu wakuda wa ku Amereka, thaulo lili m'khosi, poto ali pamiyendo. Ankatapa nyemba ndi manja, atatuzula maso, msuzi ukuyenderera m'chigongono. Mzungu wokalamba anaima pambuyo pake ndi lumo. Chizungu changa ndi cha m'khitchini koma ndinamva zonse. Wakudayo anameza, n'kugeya, n'kunena za nkhope ndi duku. Woyang'anira sewerolo anaseka mpaka kutsokomola.

Pobwerera, tili pamlatho, ndinayankhula.

"Bwana, chotsani mawu a nkhope aja."

"Ati?"

"Mukuwadziwa. Nyemba zisiyeni. Lumo lisiyeni. Awo okha chotsani. Akazi a aphunzitsi aja amalemba makalata kumudzi. Mwana wanga adzamva kuti bambo ake anaiwala nkhope ya mayi ake."

"Unaiwala kapena sunaiwale?"

Ndinayang'ana msewu.

"Ndiye ndanama pati? Zaka makumi awiri ndakumvera ukunena za mtengo wa anyezi. Mawu a phindu amene unatulutsapo ndi amenewo okha. Sewero lonse laima pamenepo."

"Ndinauza inu nokha."

"Unauza wolemba. Ukanafuna chinsinsi ukanapita kwa wansembe. Gwira bwino chiwongolero, ungatiponye mumtsinje."

Ndinaganiza zotentha mapepalawo, koma aliyense wa m'seweromo anali ndi ake. Ndinapempha pasipoti yanga kuti ndipite ndikauze mwanayo ndi pakamwa panga ena asanamuuze. Anati tidzakambirana sewero likatha, pakali pano akufuna dalaivala.

Kutatsala masiku awiri kuti sewero liyambe, ndinalowa m'chipinda chake cholembera osagogoda. Ndinagwada pakapeti. Ndinali ndisanagwadirepo mzungu chibadwire, ngakhale ku Zomba. Ndinaomba m'manja monga timachitira popepesa akuluakulu.

"Bwana, ndapota nanu. Musaitane Amalawi okha basi. Auzeni malo atha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayesa mtima wake wagwidwa.

"Khala choncho," anatero. "Usadzuke. Manja unawachita bwanji? Bwereza."

Anatenga pensulo.

Sewerolo linayamba Lamlungu masana. Amalawi anabwera atavala masuti ndi zitenje zawo zabwino, ana atawasiya kunyumba. Anawakhazika mzere wachitatu, poonekera, kuti a nyuzipepala awaone. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, makiyi a galimoto ali m'manja.

Azungu anaseka pa nyemba. Anaseka pamene wantchitoyo anagwada n'kuomba m'manja, chifukwa zimenezo anali ataziikamo kale. Pa mawu a nkhope ndi duku anaseka pang'ono, kenako anaomba m'manja nthawi yaitali. Mzere wachitatu sunaseke. Akazi a aphunzitsi anatembenuka, n'kuyang'ana mzere ndi mzere mpaka anandipeza.

Litatha, anthu anadzaza pakhomo la holoyo, matambula a vinyo ali m'manja. Bwana anali pakati pawo, nkhope ili psuu, akuseka ngati masiku a ku London. Akazi a aphunzitsi aja anandipeza pakona. Anapinda mawondo pang'ono.

"Bambo, pepani ndi maliro. Ifetu tinamva mochedwa, ndiye tinkachita manyazi kubwera."

"Zikomo, mayi."

"Malemu ndinkawadziwa. Ankakutchulani tsiku lililonse. Chithunzi chanu chinali pamwamba pa bedi." Anatsitsa mawu. "Zija wanena munthu uja n'zopeka za azungu, eti?"

Akanakhutira ndi bodza. Ankalipempha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwapatse, koma bwana anali atafika kale, akukoka munthu wa nyuzipepala padzanja. Anamva funsolo. Anayankha m'Chinyanja, mokweza, kuti Amalawi onse amve kuti chiyankhulo chawo amachidziwa.

"Zopeka iyayi, mayi. Ine sindipeka. Ananena yekha, ine ndikumumeta. Ndi nyemba zomwe. Iwe, auze."

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo. Akazi awo anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo atachotsa dzanjalo nkhope yawo inali itauma.

Ndinamva pambuyo pake kuti sewerolo linangokhala masabata awiri, ndipo a nyuzipepala analemba kuti ndi lachikale. Sanalembenso lina. Kalata ya mayiwo inafika kumudzi mwezi usanathe. Mwana wanga tsopano ali ndi zidzukulu, ndipo kuyambira chaka chimenecho sanayankhepo kalata yanga ndi imodzi yomwe.

Koma pamenepo ndinali ndisanadziwe zonsezi. Ndinkangoona anthu atandizungulira, wa nyuzipepala atakonzeka ndi kabuku kake, bwana akugwedeza tambula kundifulumizitsa.

"Watani, wameza lilime? Auze, kenako ukabweretse galimoto pakhomo."

Ndinaika makiyi patebulo la vinyo. Ndinadutsa pakati pa Amalawi, iwo n'kundipatukira. Kunja kunali kukadali dzuwa. Bwana anandiitana kawiri. Ndinatsika masitepe n'kulowera kumene kumaima basi.