Siling'i ya Kunyumba kwa a Chagada

Mayi atelala anakumana ndi mwamuna wawo m'nyumba ya eni. Anapita kukayeza mawindo kuti asoke makatani, ndipo atangotambasula tepi, utuchi unawagwera m'mutu. Atayang'ana kumwamba anaona miyendo iwiri pamakwerero, mwini miyendoyo mutu uli m'denga. Anaima n'kumadikira kuti apepesedwe. Munthuyo atatsika, misomali ili kukamwa, anangowauza kuti aima pamalo polakwika. Mayiwo ankakonda kuseketsa anzawo kuti mawu oyamba amene mwamuna wawo anawalankhula anali owathamangitsa.

Bambowo anali mmisiri wa siling'i. Anzawo ankawatchula a Chagada, chifukwa akalowa m'nyumba iliyonse, kaya ndi kubanki kaya kuchipatala, maso ankayamba apita kudenga asanapereke moni. Masitepe amene anapunthwapo ndi ambiri. Atakwatirana ntchito zawo zinkayenda motsogozana. A Chagada akamaliza kukhoma ankanong'oneza mwini nyumba kuti akudziwa telala wabwino wa makatani, osaulula kuti ndi mkazi wawo.

Koma kwawo kunalibe siling'i. Ana anabadwa n'kukulira pansi pa malata, akuonerera abuluzi akuthamangitsana pamitanda. Mvula ikagwa yamphamvu ankalankhulana ndi manja. Mayi akadandaula, bambo ankati ya kwawo siyofunika phuma, akuiganizirabe, ndipo tsiku limene adzaikhome anthu azidzabwera kudzaonerera. Mayi sankalimbikira kwambiri, popeza nawonso pamawindo awo panali nsalu zakale zomangirira pachingwe. Pansi pa bedi bambo ankasungapo zidutswa za konisi, timatabwa tija amakhoma pomwe khoma lakumana ndi siling'i kuti mpata ubisike. Zina zinali za maluwa, zina zosalala, zina zokhala ngati masitepe. Mayi akamasesa ankazitukwana, koma sanatayeko n'chimodzi chomwe.

Sitiroko inawapeza m'mawa akumanga zingwe za nsapato. Mayi ankati Mulungu anachitako chifundo kuti sinawapeze ali pamakwerero. Dzanja lamanja linafa, mwendo unafa, ndipo mawu onse anathawa kupatula amodzi okha akuti "basi". Akafuna madzi ankati basi, akamva kupweteka ankati basi, mlendo akawapatsa moni ankati basi. Adokotala anati n'kutheka kuti amamva zambiri, koma anachenjeza kuti ngakhale kugwedeza mutu kwawo n'kosadalirika, pakuti nthawi zina mutu umavomera pamene mtima ukukana.

Mayi anachotsa makina awo pakhonde la sitolo pomwe ankasokera kuyambira ali mtsikana, n'kuwabweretsa kunyumba. Makasitomala ena anawatsatira, ambiri anapita kwina. Nyumbayo inali ya tizipinda tating'ono, ndipo njinga ya odwala inkakanirira pakhomo lililonse. Bambo akasiyidwa okha kuchipinda ankabuula mpaka mphika kupserera. Mwana wawo wachisamba, amene ankagwira ntchito mumzinda wina, atabwera n'kuona zimenezi anaitana omanga. Anagumula khoma la pakati pa balaza ndi podyera, kenako la kukhitchini. Panatsala chipinda chimodzi chachikulu. Bedi la bambo analiika mbali ya kubalaza, makina osokera chapakati, chitofu kumapeto, kuti mayi azitha kuwaona kulikonse kumene aima.

Njinga inayamba kuyenda bwino, koma denga linaonekera poyera ndi manyazi ake onse. Pomwe panali makoma panatsala zipsera, mawaya a magetsi ali lendelende, mwaye wa kukhitchini utadetsa malata mpaka pakati. Masana malata akatentha, thukuta linkayenderera m'khosi mwa bambo, mayi n'kumawakupiza ndi katoni. Mphepo ikawomba fumbi linkawagwera m'maso, ndipo analibe dzanja lachangu lophimbira. Munthu amene anatha moyo wake wonse akubisa madenga a eni tsopano ankagona chagada tsiku lonse akuyang'ana lake.

Mwana uja anati siling'i ikhomedwe mvula isanayambe. Anatumiza zithunzi pafoni: siling'i ya mabolodi a jipisamu yotsika masitepe awiri, magetsi obisika m'mbali, ngati ya kuhotela. Mkazi wake, mpongozi wa mayi, anatsutsa mwaulemu. Anati nthunzi ya kukhitchini idzaithimbiritsa, bola ya pulasitiki yomwe ungoipukuta ndi nsalu. Panalinso ya matabwa a paini, yokongola koma yochititsa mdima m'nyumba. Ndiye panabwera funso la konisi, ngati ikhale imodzi kuzungulira chipinda chonse, kapena kubalaza ikhale yamaluwa, kukhitchini yosalala, kuti munthu azidziwa pomwe balaza lathera. Anakangana pafoni mpaka anatopa, kenako mwanayo anati:

"Amayi, nyumba ndi yanu. Sankhani inu, ife tingotumiza mmisiri."

Mayi anasoka makatani a nyumba zosawerengeka, ankadziwa nsalu yoyenera windo loyang'ana kudzuwa, koma za kumwamba sanaziganizirepo. Kumwamba kunali kwa bambo. Ndiponso amene adzaiyang'ane siling'iyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo si mayiwo ayi.

Anakoka zidutswa zija pansi pa bedi lakale, anazipukuta fumbi, n'kuzindandalika pathebulo lodulira nsalu. Anawakhazika bambo chotsamira pamapilo, n'kukweza chidutswa chamaluwa patsogolo pawo.

"Bambo, iyi ndi imene munkaifuna?"

"Basi."

Mayi anaganiza kuti apeza yankho. Koma atakweza chosalala kuti atsimikize, bambo anatinso basi, ndi liwu lomwelo. Anakweza chamasitepe, basi. Anaziika ziwiri pamiyendo pawo kuti aloze ndi dzanja lamanzere. Dzanjalo linanyamuka, linayendayenda pamwamba pa zonse ziwiri, linagwira chimodzi, kenako linachikankhira pansi. Mayi sanadziwe ngati achisankha kapena achitaya. Anayesanso mawa lake ndi zithunzi za pafoni. Bambo anayang'anitsitsa, milomo ikunjenjemera ngati mawu afika pakhomo, mitsempha ya m'khosi itatupa. Chimene chinatuluka ndi chomwe chija. Misozi inatsikira m'khutu, ndipo mayi anabisa foni m'thumba la epuloni.

Mmisiri amene mwana anatumiza anali munthu wa imvi zake, yemwe anaphunzira ntchito kwa a Chagada kalekale. Analowa atavula chipewa, anagwada pambali pa bedi n'kuwapatsa moni abwana ake. Mayi anamutengera pakhonde n'kumufunsa ngati bambo anamuuzapo za siling'i imene ankailota. Iye anakanda m'mutu. Anati abwana sankanena zimene amakonda, ankangofunsa mwini nyumba n'kukhoma zomwe wauzidwa, ndipo ngati zinali zonyansa ankangoimba kamluzi. Mayi atamupempha kuti asankhe iye, anakana. Anati sangasankhire abwana ake siling'i iwo ali pomwepo akuona.

Tsiku lina mayi anapempha mnansi kuti awakhalire ndi odwala, anakwera basi kupita kunyumba ina imene bambo ankainyadira kwambiri. Ankakumbukira kuti ataimaliza anabwera akuimba. Anagogoda pageti ndi manyazi, n'kufotokoza kuti akungofuna kuona kudenga. Mayi wa panyumbapo anawalowetsa mokoma mtima, koma anati iwo anagula nyumbayo posachedwapa, ndipo siling'i yakale anaigwetsa chifukwa inadyedwa ndi chiswe. Pamwamba panali pulasitiki yonyezimira. Mayi atelala anathokoza, anayamikira makatani ngakhale mpendero wake unali wokhota, n'kubwerera.

Mitambo inayamba kusonkhana masana. Mwana ankaimba foni pafupipafupi, mmisiri anati ali ndi ntchito ina ikumudikira. Mayi anapita kusitolo ya zomangira. Wogulitsa anawaonetsa zambirimbiri, akulankhula mofulumira, ndipo mayi anaima pakati pa milu ya mabolodi mutu uli ziii. Pomaliza analoza mabolodi oyera opanda chokongoletsa chilichonse, ndi konisi yopyapyala yosalala, imodzi ya chipinda chonse. Sanaisankhe chifukwa choikonda. Anangoona kuti ngati akulakwitsa, bola alakwitse ndi chinthu chosachita phokoso.

Tsiku loyamba ntchito anawatulutsa bambo pakhonde kuopa fumbi. Nyundo itangolira m'nyumba, bambo anayamba kumenya njinga ndi dzanja lamoyo lija, akufuula basi, basi, mpaka anansi anasuzumira pampanda. Mayi anaganiza kuti akuletsa ntchito, ndipo anauza mmisiri kuti ayambe waima. Phokoso litaleka bambo anafuula koposa. Ndiye anawamanga kansalu pamphuno n'kuwalowetsa, kuwaika pakona. Bambo analeka kufuula. Maso awo ankatsatira bolodi lililonse kuchokera pansi mpaka kukafika pamalo pake, ndipo zala za kumanzere zinkagundagunda pabondo nyundo ikamalira. Mayi anali asanawaone ali maso chotero chiyambire matenda.

Mmisiri ankagwira ntchito thukuta lili kamukamu, kutembenuka pafupipafupi ngati mwana wa sukulu pamayeso. Atafika pokhoma konisi pakona ya pamwamba pa chitofu, bambo anakweza dzanja n'kuloza. Mmisiri anatsika msanga.

"Abwana, yakhota?"

"Basi."

Anakwera, anaizula, anadulanso nsonga zake, n'kuikhoma kachiwiri. Dzanja la bambo linali lidakali m'mwamba. Mmisiri anabweretsa levulo yoyezera kuwongoka, anaiika pakhoma, n'kuwaonetsa kuti kadontho kali pakati. Dzanja silinatsike. Mayi anafunsa ngati akufuna madzi, ngati kansalu kakuwathina, ngati akufuna kupita kuchimbudzi. Bambo anangolozabe, nkhope itafiira, mpaka dzanjalo linatopa lokha n'kugwera pamwendo. Mmisiri anaima ndi nyundo m'manja akuyang'ana mayi. Mayi anamuuza kuti apitirize. Atamaliza ntchito yonse anakana kumwa tiyi, anagwadanso pambali pa njinga kutsanzika, ndipo potuluka ankapukuta m'maso ndi chipewa.

Siling'i inapakidwa penti yoyera. Kutentha kunachepa, fumbi linaleka, ndipo mvula yoyamba itagwa mayi anadabwa kumva wailesi ikulankhula bwinobwino. Anansi anabwera kudzaona n'kunena kuti nyumba yasanduka ina. Mpongozi anati ndi yabwino ndithu, ngakhale pamwamba pa chitofu padzafunika penti chaka ndi chaka. Mwana atafunsa pafoni ngati bambo aikonda, mayi anayankha kuti amaiyang'ana.

Ankaiyang'anadi, koma kukamada mayi akayatsa getsi kuti amalize zosoka, bambo ankayamba kuvutika, kutembenuza mutu uku ndi uku, kubuula. Mayi anaganiza kuti ndiye kudana nayo siling'iyo kumeneku. Anawasinthira pilo, anawasinthira nthawi ya mankhwala, osathandiza.

Tsiku lina kukuyamba kuda, mnansi atathandiza kuwakhazika bambo panjinga kuti asinthe zofunda, msana wa mayi unawawa kwambiri moti anadzigwetsa pabedi la odwalalo kuti apumeko pang'ono. Aka kanali koyamba kugonapo. Babu linali pamwamba penipeni pa nkhope yawo. Kale linkalendewera pamtanda chakutali, kuwala kwake kukumwazikira m'malata akuda. Tsopano mmisiri analiika pakati pa mbali ya balaza, monga zimakhalira m'nyumba zonse, ndipo siling'i yoyerayo inkabweza kuwala konse m'maso. Mayi anatsinzina, koma kuwalako kunkapyozabe zikope.

Anadzuka n'kuzimitsa getsi. Sanadziwe ngati chimenechi n'chimene bambo ankabuulira, kapena panali china, koma anagwira bedi kumutu kuti alikokere kukhoma. Linali lachitsulo, lolemera, ndipo mwendo umodzi unakodwa pamzere wa simenti pomwe panali khoma lakale. Anakoka mpaka m'manja munatentha, bedi osasuntha. Mnansi anali atapita kale kukatenga ana ake, ndipo mayi ataimbira wamagetsi kuti adzasunthe babulo, foni inkangoitana osayankhidwa.

Anakoka mpando n'kukhala pambali pa njinga ya mwamuna wawo. Pamakina panali katani la eni lomwe analonjeza kuti likhala litatha mawa. Analisiya pomwepo, getsi lili chizimire, n'kuwauza bambo kuti adikire pang'ono, mnansi abweranso.