Mazira Obwereka

Kachingwe ka ukonde kaja ndimakakumbukirabe, kobiriwira, konunkha usipa. Amalume anakadula pa ukonde wawo wakale tsiku limene tinakwera phiri la kuseri kwa Malindi kukaona mng'oma wa mayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mafunso sankandithera pakamwa.

Mayi ndi amene anayamba kuzindikira. Masika amenewo ankatsokomola kwambiri, ndipo uchi wa mng'oma umenewu ndi wokhawo unkawapatsako tulo. Atabwerako kuphiri ali wefuwefu, anauza amalume kuti njuchi zikulira ngati pamaliro, ndipo zasiya kubwera ndi mungu kumiyendo. Ine ndinaseka. Njuchi n'kukhala ndi maliro?

Tinafukiza utsi wa zitsononkho, amalume n'kumazula zisa chimodzichimodzi. Uchi unalimo, koma dzira panalibe ndi limodzi lomwe. Make njuchi anali atafa. Kusukulu aphunzitsi ankati mfumukazi, kwathu tinkangoti make, ndipo lero ndimaona kuti olondola tinali ife. Amalume anati popanda iyeyo zokalamba zizingofa popanda zolowa m'malo, ndipo mwera usanathe mng'oma ukhala bwinja.

Mankhwala ake anandidabwitsa. Amalume anatsegula mng'oma wawo, n'kudulamo chisa chokhala ndi timazira toyera ngati tizidutswa ta mpunga. Anachimangirira ndi kachingwe kaja mu mng'oma wa mayi. Nditafunsa kuti dzira la make ndi liti, anati onse ndi ofanana. Njuchi zimangosankha kamphutsi kamodzi n'kumakadyetsa mosiyana ndi anzake.

Anandiletsa kukasuzumira, koma kuletsa ine kunali kundituma. Patatha sabata ndinakavundukula ndekha. Ndinaona kanthu kolendewera pachisa ngati khoko la mtedza, kenako njuchi imodzi inandiluma pachikope. Ndinafika kunyumba diso lili psuu, mayi n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Nyengo yomweyo mayi anayamba kumandiitanitsa ndili kumasewera. Anandiphunzitsa kubereka mwana wathu wotsiriza osamupana, kumva kutentha kwa thupi lake ndi tsaya langa, ndi kugawa ndiwo kuti zikwanire anthu asanu. Zinkandinyansa. Koma mutu wa chambo unkabwera kwa ine, ngakhalenso supuni yomaliza ya uchi wawo, ndipo ndinkanyadira ang'ono anga mopanda manyazi. Ndinkati mayi andikonda kuposa onse.

Patapita mwezi amalume anatsika kuphiri akumwetulira. Anati, “Chemwali, mazira ayambanso.”

Mayi, amene mvula ya chaka chimenecho sanaione, anali chigonere pamphasa. Anadzuka pang'ono n'kutsamira chigongono.

“Zadzilerera mayi, achimwene. Basi, sizibalalika.”

Ananena akundiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Ndinagwira chikope changa, poyesa kuti akuona ngati chinaphwa bwino.