Ulendo wa Maluwa wa Gash Zerihun

Zerihun, amene timam'tchula kuti Gash pom'lemekeza ngati wamkulu, anatha zaka makumi atatu ndi zisanu ali chigonere pansi pa magalimoto a eni ake ku Kolfe. Magalimoto amene ankakonzawo ankafika ku Gondar, ku Jimma, mpaka ku Djibouti, koma mwiniwakeyo ulendo wake unali wa kunyumba, kugalaja ndi kutchalitchi basi. Ine ndine Tilahun, telala. Shopu yanga inayang'anizana ndi galaja yake, moti mapazi ake ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope.

Atapuma pa ntchito anagula minibasi yakufa imene nkhuku zinkaikiramo mazira. Anazulamo mipando yakumbuyo, n'kukhomamo mabedi atatu a matabwa, kabati ya mbale, ndi mbaula yomangirira ndi waya. Makatani ndinasoka ine. Mnzathu Wondimu wometa tsitsi, munthu wa pakamwa posatseka, anathandiza ndi kunyoza.

"Mvula ikangodula, mwezi wa Meskerem, tikaone maluwa a adey kumapiri," anatero Zerihun. "Tidzere misewu ya fumbi. Ya tala ndi ya anthu othawa."

Tinavomera, koma tonse tinkadziwa kuti nkhani si maluwa. Kupitirira tauni ya Mehal Meda kunali mlongo wake wamkulu, Askale, amene sanalankhulane naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Uthenga wa imfa ya mayi awo unam'peza Zerihun atamasula injini ya lole ya munthu. Iye anati aibwezeretse kaye, anyamuka mawa. Mawa lakelo anthu anali ataika kale maliro. Manyazi anamuletsa kukakhala nawo masiku atatu a kulira, kenako mwambo wa tsiku la makumi anayi unadutsa, kenako chaka. Askale anangotumiza mawu amodzi: "Mukamuuze kuti ine ndinabadwa ndekha."

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Sindiname, dziko linali litavala. Mapiri onse anali chikasu chokhachokha, minda ya balere ikuweyula ndi mphepo, timitsinje tikadali ndi madzi. Tinkatafuna kolo, balere wokazinga, n'kumaimba nyimbo za pa unyamata wathu, mawu theka titawaiwala. Koma Zerihun ankayendetsa ngati wanyamula mazira, ndipo paliponse pamene mayi wina ankakazinga khofi m'mbali mwa msewu, iye buleki. Sankadzuka asanamwe makapu onse atatu a mwambo wa khofi.

"Kuchoka pa kapu yachiwiri n'kusiya madalitso," ankatero.

"Gash, madalitso akowa atiphulitsa chikhodzodzo," anadandaula Wondimu. "Bulu uja watidutsa kachitatu tsopano. Wayamba kutipatsa moni."

Msewu wa tsiku limodzi tinauyenda masiku atatu. Tsiku lachitatulo masana tinafika pa chitunda pamene mudzi wa kwawo unkaoneka kumunsi, nyumba za miyala, utsi ukukwera. Zerihun anaima, anatsika, n'kutukula mpando kuti aone injini.

"Mwamva kaphokoso kaja? Ndiyenera kumasula pang'ono."

Injiniyo inkalira bwinobwino ngati mphaka wokhuta. Mtima unandipsa, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiluma.

"Unamasulapo kale injini ina, Gash. Lero ukufuna kumasula yachiwiri?"

Anandiyang'ana sipanala ili m'manja, ndipo ndinaganiza kuti ubwenzi wathu wathera pomwepo. Kenako anagwetsa mpando uja, n'kulowa. Tinatsetserekera kumudzi kuja.

Askale tinam'peza akupeta balere pakhomo, mayi wamfupi wa imvi, atafunda nsalu yoyera. Anandipatsa moni ine, anam'patsa Wondimu, anafunsa za ana athu ndi za msewu. Atafika pa Zerihun anangom'dutsa ngati mtengo. Koma mlendo sabwezedwa pakhomo, choncho tinalowa tonse atatu, ndipo Askale anatithira madzi m'manja.

Anabweretsa mbale imodzi yaikulu ya injera, buledi wathu wopyapyala, ndi shiro, chipere cha nsawawa. Ife tinayamba kudya, chifukwa njala ilibe manyazi. Zerihun manja ake, akuda ndi oyilo wa zaka zonse zija, anali pa mawondo.

Tili mkati mwa kudya, Askale anang'amba injera yaikulu, naikulunga ndi shiro, n'kuilozetsa pakamwa pa mlongo wake osamuyang'ana. Inali gursha, ija munthu amadyetsa ndi dzanja lake amene amam'konda. Zerihun anayasama. Ankatafuna misozi ikutsikira m'ndevu.

Kenako Askale anabwerera ku mbali yake ya mbale n'kumadya yekha.

Apa m'pamene mantha anandigwira kwenikweni. Ngakhale mwana amadziwa kuti gursha imodzi imadanitsa: ukam'dyetsa munthu kamodzi n'kusiya, wam'tsanzika. Ndinasiya kutafuna. Askale anatema kamodzi, kawiri, katatu, zonse zikupita pakamwa pake.

"Etiye, achemwali anga," anatero Zerihun ndi mawu a kamwana, tsaya likadali lotupa. "Imodzi imadanitsa."

"Ndikudziwa," anayankha Askale, ndipo apa anamuyang'ana m'maso. "Ine ndakudikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Iwe zikukukanika kudikira kuti umeze kaye?"

Zerihun anameza mpaka kutsamwa. Dzanja la mlongo wake linali kale m'mbale, likukulunga ina yaikulu kuposa yoyamba ija.